Nsimbi Ikaima

Lachiwiri, 4 Malichi 1958

Andigoneka m'chipatala. Bedi langa ndi la pazenera, ndipo ndikatukula mutu ndikuona ulalo wa sitima ndi madzi a Kafue atasefukira mpaka kumene maso alekera. Dokotala wachizungu amene amabwera kuchokera ku Lusaka Lachiwiri lililonse wandisuzumira kummero ndi kagalasi ka pandodo, atayamba wakafunditsa pa nyale. Akuti chifuwa chachikulu chija chakwera, chafika pa mawu.

Mankhwala alipo: jekeseni ya sitireputomaisini m'mawa uliwonse, ufa wowawa wotchedwa PAS katatu pa tsiku, ndi timapiritsi toyera. Koma mankhwala aakulu akuti ndi kutseka pakamwa. Osayankhula, osaimba, ngakhale kunong'ona komwe ayi, chifukwa kunong'ona ndiye kumapala zilonda kuposa kukuwa. Ndikamvera, mwina mawu adzabwerera nyengo yozizira ikamatha. Ndikachita makani, apita osabweranso.

Ine Stanislaus Chimutu, kalaliki wa ku shedi ya katundu kusiteshoni, munthu amene amayi anga ankati ndinabadwa ndikulongolola! Nesi Gwendolyn wandipatsa sileti ndi choko ngati mwana woyamba sukulu. Kabuku aka ndapempha ndekha, kuti zimene zikundidzaza m'kamwa zipeze potayikira.

Lachisanu, 7 Malichi

Atiyeza pa sikelo: mapaundi 118. Makhololo timalavulira m'kachitini ka chivundikiro, ndipo amawatumiza ku Lusaka pa sitima. Zaka zonsezi ndakhala ndikulemba katundu wokwera sitima, lero katundu ndi makhololo anga.

Pabedi loyandikana ndi langa pagona ba Titus Mulenga, Mbemba wa gulu lokonza njanji. Atamva kuti sindiloledwa kuyankha, nkhope yake inawala. Chiyambire Lachiwiri sanapume. Phala likachepa shuga mlandu ndi wa boma la Chitaganya, udzudzu ukachuluka ndi Chitaganya, ngakhale chifuwa chake akuti chinabwera ndi Chitaganya kuchokera ku Salisbury. Ndimangogwedeza mutu, iye n'kumati sanaonepo Mnyasa wanzeru ngati ine.

Loweruka, 8 Malichi

Ursula, mkazi wanga, wabwera ndi mbatata zowotcha ndi botolo la munkoyo. Iye pampando, ine pabedi, tangoyang'anana. Ndinalemba pa sileti kuti "Kunyumba kuli bwanji?" ndipo ndili m'kati momupatsa ndinakumbukira. Ursula sawerenga. Si kuti sindinayese. Chaka chimene tinakwatirana ku Bembeke ndinamugulira kabuku ka a, e, i, iye n'kukatsamiza nako mwendo wa tebulo. Anati awerengerenji pamene mwamuna wake amanena zonse asanazilembe. Mwana wathu Emelia, amene akanatiwerengera, ali kutali ku sukulu ya masisitere.

Vuto langa lagona pomwepa, ndililembe bwino. Anthu amayesa kuti mabuku anga awiri aja ndinawapeka ndi cholembera. Ayi ndithu, ndinawapeka ndi pakamwa. Loweruka lililonse dzuwa likapendeka Ursula amakoleza makala mu nsimbi, n'kuyala bulangeti patebulo la pakhonde, n'kumasita zovala za mlungu wonse. Ine ndimayendayenda pabwalo ndikumukambira mutu watsopano wa nkhani, ndikupeka pomwepo. Iye sayamikira, satsutsa, sandiyang'ana n'komwe. Ine maso anga amakhala pa nsimbi. Ikamayenda bwinobwino ndiye kuti ndikunena zopanda mchere. Ikaima, iye ali duu, dzanja pa chigwiriro, ndimadziwa kuti ndayigwira nkhani, ndipo m'mawa mwake tikachoka ku Misa ndimakhala pansi n'kulemba. Nthawi zingapo nsimbi inaima mpaka malaya kupserera. Malaya amenewo ndimawasunga m'bokosi, ndipo chipsera chilichonse ndimachidziwa mutu wake.

Tsono buku lachitatu latsala mutu umodzi, womaliza. Osindikiza mabuku ku Lusaka anati likafike Juni asanathe, apo ayi malo ake apatsa wina, ine ndidikire zaka. Ndakhala ndi pensulo chiyambire m'mawa. Palibe chatuluka. Nkhani zanga zimadziwa njira imodzi yokha, ya pakhosi, ndipo njirayo aitseka.

Lachitatu, 12 Malichi

Matako onse awiri afufuma ndi jekeseni. M'makutu mwayamba kulira kanthu kakang'ono kosalekeza, ndipo ndikaimirira pansi pamapendeka ngati ndili m'bwato. Nesi Gwendolyn akuti ndi mankhwalawa, zikakula ndilembe pa sileti.

Masana amatseka makatani kuti tigone. Ine sindigona, sindikhalanso maso. Lero madzi a padambo anakwera mwakachetechete, analowa pazenera, n'kudzaza wodi yonse mpaka m'miyendo ya mabedi, akakowa n'kumatera pa mabulangeti. Sindinaope. Kumiyendo kwa bedi langa kunaima Magdalena, beseni la nsomba lili pamutu.

Magdalena ndi mkazi wa m'buku langa. Amagulitsa nsomba zowamba pa siteshoni ya Kafue. Mwamuna wake Levy anapita ku migodi ya malasha ku Wankie ali mnyamata, n'kutayika komweko, osalemba kalata, osatumiza kanthu. Iye sitima iliyonse yochokera kumwera amayendera mabogi onse, pakamwa akuitanira malonda, maso akufuna nkhope imodzi. M'mutu womaliza Levy atsika. Mpaka apo ndikudziwa. Chimene sindikudziwa n'chakuti awiriwa anena chiyani.

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati munthu wodikira kuti umupatse njira adutse. Kenaka belu la mankhwala linalira, madzi n'kuphwa.

Lachiwiri, 18 Malichi

Dokotala wasuzumiranso. Akuti zilonda zayamba kuuma m'mbali. Wandifunsa ngati ndikusunga lamulo, ba Titus n'kuyankha m'malo mwanga kuti munthuyu ngakhale kuyetsemula amapempha chilolezo. Awonjezera supuni ya mafuta a nsomba m'mawa. Fungo lake limandiperekeza mpaka masana.

Loweruka, 22 Malichi

Nzeru za ba Titus. Ataona ndikutafuna pensulo anati: "Ba Stani, lembani chabe, ine nizabelenga kuli ba mayo. Mau nili nayo yambili, yanikwana na kusala."

Ndinavomera, pakuti ndikanatani? Ndinadzikakamiza masiku atatu, n'kufinya masamba awiri: Levy agwada pa siteshoni, apepesa ndi mawu ataliatali, Magdalena amuyankha ndi mawu ataliatali kuposa apo. Ursula atabwera ndi chimanga chachiwisi cha ku Shimabala, ba Titus anakhala tsonga, anakonza pakhosi, n'kuyamba kuwerenga ngati akulengeza za msonkho. Pamene sanamve bwino malembedwe anga anaikapo zake. Levy wanga wofatsa uja anafika mpaka potukwana kapitawo wa mgodi m'Chibemba.

Wodi yonse inaomba m'manja. Ine ndinayang'ana manja a Ursula. Analibe nsimbi, koma ankasenda chimanga, ndipo chala chake sichinaime ngakhale pang'ono. Atamaliza anathokoza ba Titus mwaulemu, anati awerenga bwino kwambiri. Ine sanandiyang'ane. Ndinang'amba masambawo iye atangotuluka. Mlandu si wa ba Titus, masambawo anabadwa akufa kale.

Lachinayi, 27 Malichi

Mapaundi 121, akuti ndikunona. Ndinonerenji?

Magdalena amabwera masana aliwonse tsopano. Lero anatula beseni pa mapazi anga ndipo ndinamva kulemera kwake. Sitima ya katundu inali kuwoloka ulalo, pang'onopang'ono monga amachitira madzi akachuluka, ndipo m'bogi lililonse munali Levy, yemweyo, chipewa chili m'manja, milomo ikugwedera. Ndinatchera khutu. Kanthu kolira m'makutu kaja kanaphimba zonse.

Ndikumusowa Ursula ali pomwepa. Amakhala pampando ola lathunthu, amandiuza za nkhuku, za denga lodontha, za Emelia, ine n'kumagwedeza mutu monga ndichitira kwa ba Titus. Zikundiwawa koopsa.

Loweruka Loyera, 5 Epulo

Ndachita chopusa, ndipo ndinachita ndikudziwa.

M'mawa mutu womaliza uja wonse unabwera pakhosi, wathunthu, wotentha. Sungabwere pa pepala, ndinayesa. Ursula atafika ndinamukodola kuti tipite pakhonde, kuseri kwa thanki ya madzi kumene anesi saona. Ndinamukokera pafupi n'kuyamba kunong'ona. Anayesa kunditseka pakamwa ndi dzanja, ine ndinalichotsa. Ndinanena za sitima ikulowa, za utsi, za Levy akutsika ndi kasutikesi komanga ndi chingwe. Ndinali ndisanafike n'komwe pamene akumana maso, chifuwa chinandigwira. Pa mpango panali magazi.

Ursula sanakuwe. Anandigwira mkono mpaka pabedi, anaitana nesi, n'kuima chapatali. Potuluka ananena mawu amodzi okha: "Bambo a Emelia, makutu anga ndiwo akupheni? Ndiye sindibwera nawonso."

Lolemba, 7 Epulo

Thupi moto, madigiri 102. Madzi okha.

Lachiwiri, 8 Epulo

Dokotala wakalipa m'Chingerezi, nesi Gwendolyn n'kumasulira m'Chinyanja mowonjezera. Chilonda chatsegukanso. Tiyambirenso poyamba. Akuti ndikabwerezanso ndisadzavutike n'kubwera kwa iye.

Lachisanu, 11 Epulo

Mutu uja wapita. Ndaufunafuna m'mutu monse, wangotsala utsi wa sitima.

Loweruka, 19 Epulo

Ursula amabwera, koma salowa. Amapatsa nesi chakudya, n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa mpanda wa waya, pamene ndingamuone pazenera koma mawu sangafike. Amakhala mpaka nthawi ya alendo itatha, kenaka amaimirira, amakutumula chitenje, n'kumapita. Ndinakwiya mlungu wathunthu. Mkazi wanji wolanga wodwala? Lero mkwiyo wandithera, ndangoyang'ana kamutu kake ka duku lobiriwira mpaka kakhota pa msika.

Ba Titus akuti akazi a ku Nyasaland ndi ouma mtima kuposa Chitaganya.

Lachiwiri, 6 Meyi

Kutentha thupi kunatha. Mapaundi 123. Jekeseni achepetsa, tsopano katatu pa mlungu, chifukwa cha makutu. Makhololo abwera ndi yankho labwinoko.

Madzi ayamba kuphwa padambo, tizilumba tatuluka, ndipo asodzi abwerera ku misasa yawo. M'mawa nkhungu imaphimba mtsinje, ulalo n'kumaoneka wolenjekeka m'mwamba popanda mizati. Sitima imatuluka mu nkhungu, imayenda pa mphepo, n'kulowanso mu nkhungu.

Magdalena wasiya kundiyang'ana. Amabwerabe masana, koma amakhala chondifulatira, akuyang'ana pazenera kumene kuli mtengo wa mango. Duku lake ndaliona lero kuti n'lobiriwira. M'buku sindinalembe mtundu wa duku.

Lachinayi, 22 Meyi

Ndaganiza. Bukulo lipite. A ku Lusaka apatse wina malo. Levy akhale chiimire pa chitseko cha bogi, phazi limodzi m'mwamba, mpaka ndidzachire, ngati ndidzachire, ngati nkhaniyo idzandidikire. Ndikudziwa kuti sizidikira. Nkhani ikazizira imakhala ngati mbatata ya dzulo, umadya koma si yomwe ija.

Ndalemba zimenezi pa sileti, ndapempha nesi Gwendolyn akamuuze Ursula pa waya paja kuti asaopenso, ndagonja, alowe. Nesi wapita, wabwera. Akuti mayi atamva angofunsa ngati chipatala chili ndi tebulo lolimba.

Loweruka, 31 Meyi

Ndilembe zonse dzanja lisanatope.

Dzuwa litapendeka anatitulutsa pakhonde kuti tiwothere, monga mwa masiku onse. Ndinamva fungo ndisanaone kanthu: makala, ndi nsalu yonyowa ikakhudzana ndi chitsulo chamoto. Ndinayesa ndi maloto anga aja. Koma ba Titus nayenso ananunkhiza. Kumapeto kwa khonde kunali tebulo, bulangeti lathu lakunyumba lotuwa lija litayalidwa, ndipo Ursula anali kupukusa nsimbi m'mwamba kuti makala ayake. Anagwirizana ndi nesi Gwendolyn kuti awasitira maepuloni onse akamulola. Pansi pa maepuloni anabisa malaya anga oyera a ku Misa.

Anandiloza mpando. Anauza nesi andipatse pensulo ndi mapepala. Kenaka anati, osandiyang'ana: "Inu khalani chete. Anthu a m'buku lanu awa ndakhala nawo zaka zitatu pakhonde panga, ndikuwadziwa. Lero ndinena ndine. Pensulo ikamayenda ndidziwa kuti mukulemba. Mukatsegula pakamwa ndinyamula nsimbi yanga."

Anayamba kukamba, akusita epuloni. Anayambira pa zimene ndinamunong'oneza kuseri kwa thanki: sitima, utsi, kasutikesi ka chingwe. Sanaiwale kanthu. Chichewa chake si cha m'mabuku, n'chachifupi, chopanda zokometsera, ndipo ndinkalemba ndikukonza mumtima kuti apa ndidzawonjeza, apa ndidzasalaza. Odwala anasendeza mipando. Ba Titus, kwa nthawi yoyamba chigonekedwe changa, anatseka pakamwa.

Anati Levy njira yonse kuchokera ku Wankie ankaloweza mawu opepesa, pa Livingstone anawabwereza, pa Choma anawabwereza, pa Mazabuka anali atawakonza bwino ngati pemphero. Koma Levy fumbi la malasha linamudya pakhosi, n'chifukwa chake mgodi unamutaya. Ine zimenezi sindinazidziwe, ine mwini buku! Anatsika, anaima pamaso pa Magdalena, anatsegula pakamwa, ndipo panangotuluka mphepo. Anayesanso. Mphepo. Anthu akudutsa, sitima ikuliza, iye akulimbana ndi khosi lake mpaka misozi, chifukwa ankaganiza kuti akapanda kunena mawuwo alibe chimene wabwera nacho.

Apa Ursula anali atatenga malaya anga. Anati Magdalena anamuyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku imvi. Anatula beseni la nsomba, n'kumusenzetsa mwamunayo pamutu, pamaso pa anthu onse. Ndipo Magdalena anati:

"Lekani kudzipweteka. Ine pa siteshoni pano sindinkadikira mawu, ndinkadikira munthu. Tiyeni kunyumba."

Sindikudziwa kuti panapita nthawi yotani. Ndinazindikira kuti pensulo yaima, ili m'mwamba, ndipo pepala sindikuliona bwino. Ursula ankandiyang'ana, koyamba chiyambire Loweruka Loyera, ndipo ndinadziwa kuti mawu amenewo sanali opita kwa Levy yekha. Tinakhala choncho mpaka ba Titus anati: "Ba mayo, shati yapya."

Utsi unali kukwera pansi pa nsimbi. Anaichotsa msanga, koma chipsera chinali chitakhala kale, pamsana penipeni, chofiirira, mphuno ya nsimbi yonse ikuoneka. Anadzitukwana yekha kuti ndi mkazi wosasamala. Ine ndinaseka opanda mawu mpaka nesi anandiopseza ndi chala.

Lamulungu, 1 Juni

Bambo mfumu atatipatsa Ukalistia ndinakhala pansi n'kulemba, monga kale. Malo aja ndinati ndidzawonjeza sindinawonjeze. Ndinayesa pawiri, n'kufufuta. Mutu womaliza ndi waufupi kuposa yonse m'bukumo, ndipo ukhala choncho.

Masana ndinagona tulo teniteni. Magdalena sanabwere.

Lachitatu, 11 Juni

Ba Titus amutulutsa. Makhololo ake ayera katatu kotsatizana. Wanyamula bukulo m'thumba la pepala lomanga ndi ulusi, akuti akalipereka ndi manja ake ku Lusaka popita kwawo ku Kasama, ndipo akawauza osindikizawo kuti iyenso anathandizapo. Pa tsamba loyamba ndalemba maina awiri. Ursula ndamuonetsa pamene pali lake. Anayang'ana zilembozo nthawi yaitali, n'kufunsa chifukwa chake dzina lake lili lalifupi kuposa langa.

Potsazika ba Titus anandigwira dzanja n'kunena kuti sadzapezanso mnzake wocheza naye bwino chotere. Bedi lake layalidwa kale, likudikira wina. Wodi yakula.

Lachiwiri, 8 Julayi

Mapaundi 131. Kuzizira koopsa, atipatsa bulangeti lachiwiri. Khutu lamanzere silikumva bwino, ndipo dokotala akuti mwina likhala choncho. Lamanja lilipo. Ursula amakhala mbali imeneyo tsopano, ndipo akuti ali ndi nkhani ina, ya mkazi wa msodzi amene anakana kusamuka pa chilumba madzi akukwera. Akuti ndisaifunse, sinapse.

Lachiwiri, 29 Julayi

Kagalasi ka pandodo kaja kalowanso. Dokotala anasuzumira nthawi yaitali, kenaka anati ndinene "aaa". Ndinachita mantha ngati mwana. Chimene chinatuluka chinali ngati chitseko cha shedi yathu chikasowa mafuta. Akuti zilonda zapola koma zasiya zipsera, mawu anga ndi amenewo, mwina adzasalala pang'ono, koma zoyendayenda pabwalo ndikulalikira madzulo onse ndiiwale. Andilola mawu owerengeka pa tsiku. Loweruka ndituluka, mankhwala ndizikamwera kunyumba.

Ndinadikira kuti chisoni chindigwire. Chinabwera, chinakhala pang'ono, koma sichinapeze pokhala penipeni.

Mawu a lero sindinawononge pa nesi kapena pa dokotala. Ndinapempha pa sileti kuti anditulutsire malaya opserera aja m'kabati, ndinavala, n'kukakhala pakhonde chofulatira njira, kuti wolowa pa geti ayambe waona msana. Ndinamva mapazi a Ursula akuima. Kenaka anafika mofulumira, akuyang'ana uku ndi uku ngati pali amene waona, n'kuyamba kundinong'oneza kuti ndivule msanga, ndimuchititsa manyazi, anthu adzati mkazi wa Chimutu sadziwa kusita.

Ndinakonza pakhosi. Ndinati, "Sindivula."

Anaima, dzanja lili pa kolala yanga. Anakonza kolalayo bwinobwino, ngakhale inali yokonzeka kale.

"Mwayankhula zokwanira," anatero. "Khalani chete, ndikuuzeni za mkazi wa msodzi uja."

Ndinatenga pensulo.